Mbozi zikayamba kudya mbewu ya Bt, chalakwika n'chiyani?

Funso: Ndine mlimi wa chimanga ndi thonje. Ogulitsa mbewu za GMO, zosinthidwa chibadwa ndi asayansi, amati mbozi sizizidya, koma ndamva kuti kumayiko amene anayamba kale kuzilima mbozi zinazizolowera moti zikudya ngati kale. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, phindu lake lili pati? Nanga n'chifukwa chiyani amati tizibzala mizere ina ya mbewu wamba pambali yoti mbozi zizingodya?

Yankho: Bambo, zimene mwamvazo n'zoona, koma si konse ndipo si mbozi zonse. Kuli madera kumene mbewu zimenezi zinateteza munda zaka zitatu zokha, chachinayi mbozi n'kumadya ngati zaitanidwa. Kulinso madera kumene zateteza munda zaka zoposa 20, mbozi n'kumafabe. Kusiyana kwa madera awiriwa kwagona kwambiri pa mizere ya mbewu wamba imene mukuikayikirayo, choncho funso lanu loyamba ndi lomaliza yankho lake ndi limodzi.

Ndiyambe ndakonza mawu amodzi. Mwati mbozi zinazolowera. Mbozi sizolowera poizoni ngati mmene thupi la munthu limazolowerera chisanu. Mbozi ikadya tsamba la mbewu yotereyi imafa kapena kupulumuka malinga ndi chibadwa chimene inatenga kwa makolo ake, ndipo palibe chimene ingaphunzire. Chimene chimasintha ndi gulu lonse. Pakati pa mbozi mamiliyoni pamakhala zochepa kwambiri zimene zinabadwa mosiyana pang'ono ndi zinzake moti poizoniyo sazigwira. Mukapha zina zonse n'kusiya zimenezi, ndizo zimaswana, ndipo pakapita mibadwo ingapo munda wonse umadzaza ndi zidzukulu zawo. Apa ndi pamene alimi amati mbozi zapima.

Vutoli silinabwere ndi GMO. Mu 1914 katswiri wa tizilombo A. L. Melander analemba kale kuti tizilombo tina ta m'mitengo ya zipatso ku Washington, m'dziko la America, sitinkafanso ndi mankhwala a sulufule amene poyamba ankatipha. DDT atangofala m'zaka za m'ma 1940, ntchentche zosamva mankhwalawo zinapezeka pasanathe zaka zambiri. Lero mitundu yoposa 500 ya tizilombo imadziwika kuti inapima ku mankhwala amtundu wina kapena unzake. Chida chilichonse chimene chimapha tizilombo tambiri nthawi imodzi chimatisankhiranso tolimba, kaya chili m'botolo kaya chili m'tsamba.

Mbewu zimene mukufunsazi zimatchedwa Bt, chidule cha dzina la bakiteriya wa m'nthaka, Bacillus thuringiensis. Anayamba kumuona ndi Shigetane Ishiwata ku Japan mu 1901, ataona kuti mbozi zopanga silika zikufa. Patapita zaka khumi Ernst Berliner anamupezanso ku Germany, m'dera la Thuringia, ndipo dzina lake linachokera kumeneko. Bakiteriyayu amapanga mapuloteni otchedwa Cry. Mbozi ikawameza, amasungunuka m'matumbo mwake, n'kumatirira pa timalo tina ta khoma la matumbowo, n'kuliboola. Mbozi imasiya kudya ndipo imafa pasanathe masiku ambiri. Matumbo a munthu ndi a ziweto alibe timalo tomatirirapo timeneti, ndipo asidi wa m'mimba mwathu amagaya mapuloteniwa ngati ena onse. Alimi anayamba kupopera bakiteriyayu ku France mu 1938, ndipo ngakhale alimi okana mankhwala a kufakitale amamupopera mpaka lero. Chimene asayansi anachita ndi kutenga kachidutswa ka malangizo a chibadwa, kotchedwa jini, kamene kamauza bakiteriya kupanga puloteniyo, n'kukaika mu mbewu kuti mbewu izidzipangira yokha. Chimanga ndi thonje zotere zinayamba kulimidwa kwambiri ku America mu 1996.

Mphamvu ya njirayi ndi yomwenso imaifooketsa. Mankhwala opopera amakokoloka ndi mvula, amatha mphamvu ndi dzuwa, ndipo safika m'kati mwa phesi mmene kapuchi wabisala. Puloteni ya Bt imakhala m'kati mwenimwenimo usana ndi usiku nyengo yonse. Izi zikutanthauza kuti mbadwo uliwonse wa mbozi umasefedwa, ndipo sefa yosapumira imafulumizitsa kupima. Akatswiri anadziwiratu zimenezi mbewu zisanafike kwa alimi, chifukwa pofika 1990 Bruce Tabashnik ndi anzake anali atapeza kale ku Hawaii mbozi za kabichi zimene sizinkafanso ndi Bt wopopera.

Ndiye tibwere ku mizere yanu ija. Pano ndikupemphani kuti mupirire nane pa masamu pang'ono, chifukwa mukamvetsa apa mwamvetsa nkhani yonse.

Mbozi iliyonse imalandira majini awiriawiri, lina kwa mayi lina kwa bambo. Kawirikawiri kuti mbozi ipulumuke pa mbewu ya Bt yamphamvu imafunika kulandira jini la kusamva poizoni kuchokera kwa makolo onse awiri. Yalandira kwa kholo limodzi lokha imafa. Tiyerekeze kuti poyamba jini limeneli ndi limodzi pa majini 1,000 alionse. Mbozi yolandira kwa makolo onse awiri ikhala imodzi pa 1,000,000. Tsopano tiyerekeze kuti dera lonse labzala Bt, palibe ngakhale phesi limodzi la mbewu wamba. Mbozi zonse zafa, kwatsala zochepa zija zolandira mbali zonse ziwiri. Zikasanduka agulugufe, zikwerana ndi yani? Zokhazokha. Ana awo onse abadwa osamva poizoni, ndipo gulugufe wamkazi mmodzi amaikira mazira mazana. M'malo otentha mmene mbozi zimaswana mibadwo ingapo pa chaka, simuchedwa kuona zotsatira.

Koma pambali pakakhala mizere ya mbewu wamba, mumatuluka agulugufe ambirimbiri amene makolo awo sanasefedwe. Gulugufe mmodzi wolimba uja akatuluka m'munda wa Bt, mwayi waukulu ndi woti akumana ndi mmodzi wa awa, osati mnzake wolimba. Ana awo alandira jinilo mbali imodzi yokha, ndipo akadya Bt afa. Mizereyo ndiye kuti ndi khola loweteramo mbozi zofooka mwadala, kuti zizisungunula mtundu wa zolimba. Palinso china chimene chimathandiza: nthawi zambiri mbozi zosamva Bt zimakhala zofookerapo pa mbewu wamba, zimakula mochedwa kapena kuswana pang'ono, choncho m'mizeremo zimagonja kwa zinzake.

Nzeru imeneyi imagwira pokhapokha zinthu zitatu zikakwanira. Mbewu ikhale ndi poizoni wochuluka ndithu, ndipo muyezo umene akatswiri anaika ku America ndi kuwirikiza ka 25 mlingo wopha mbozi wamba. Jini la kusamva poizoni likhale losowa poyamba. Ndipo mbewu wamba ibzalidwedi, mokwanira komanso pafupi. Chimodzi chikasowa, nyumba yagwa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha mbozi yofiirira ya thonje, Pectinophora gossypiella, chifukwa mbozi ndi imodzi, poizoni ndi mmodzi, koma mathero ake ndi awiri. Ku Arizona, m'dziko la America, alimi anayamba thonje la Bt mu 1996 ndipo lamulo la mizere ya thonje wamba linkatsatidwa. Zaka khumi zinadutsa mbozi zikufabe, chiwerengero chake chikutsika. Mu 2006 anayamba ntchito yoithetseratu. M'malo mwa mizere ija anayamba kumwaza ndi ndege agulugufe mabiliyoni oleredwa m'nyumba n'kuwombedwa ndi cheza kuti asabereke, kotero kuti gulugufe wolimba aliyense ankakwerana ndi chumba. Mu 2018 boma la America linalengeza kuti mboziyi yatheratu m'madera onse olima thonje a dzikolo, patatha zaka pafupifupi 100 ikuvutitsa.

Ku India thonje la Bt linavomerezedwa mu 2002, ngakhale kuti mbewu yosavomerezeka inali itapezeka kale m'minda ya ku Gujarat mu 2001. Alimi analilandira ndi manja awiri, moti patapita zaka khumi pafupifupi thonje lonse la dzikolo linali la Bt. Paketi ya mbewu ya magalamu 450 inkabwera ndi kathumba ka magalamu 120 ka mbewu wamba yobzala m'mphepete mwa munda. Alimi ambiri sankakabzala. Ine sindiwaweruza: munthu wa kamunda kakang'ono mukamuuza kuti apereke mizere ina kwa mbozi, popanda kumufotokozera chifukwa, achita zomwezo. Kuwonjezera apo, alimi othirira ankatalikitsa nyengo ya thonje kuti athyole kangapo, ndipo mbozi zinkapeza chakudya pafupifupi chaka chonse. Mboziyi sidya zomera zambiri kupatula thonje ndi abale ake monga therere, choncho panalibe kwina kumene zofooka zikanachokera. Cha m'ma 2009 mbozi zosamva puloteni ya Cry1Ac zinapezeka ku Gujarat, ndipo kampani ya Monsanto inavomereza zimenezi mu 2010. Pofika 2015 zinali zikudyanso thonje la Bollgard II, lokhala ndi mapuloteni awiri. Choipa cha mboziyi n'choti imalowa m'chibalobalo cha thonje idakali yaing'ono n'kumadya njere m'kati. Kunja munda umaoneka bwino, chikomekome cha mkuyu, mlimi n'kudzadziwa pothyola.

Ku China kunachitika zodabwitsa zimene palibe anazikonza. M'chigwa cha mtsinje wa Yangtze mbozi yomweyi inayamba kusonyeza zizindikiro za kupima. Nthawi yomweyo makampani a mbewu, pofuna kuchepetsa ndalama zopangira mbewu, anayamba kugulitsa mbewu ya mbadwo wachiwiri yochokera ku thonje la Bt lokwatitsidwa ndi thonje wamba. Mwa malamulo a chibadwa, chomera chimodzi pa zinayi zilizonse za mbewu yotere chimakhala chopanda Bt. Alimi anabzala malo othawirako mbozi zofooka osadziwa, ndipo kupima kuja kunabwerera m'mbuyo. Musatengerepo phunziro loti muzibwezera mbewu yanuyanu, chifukwa izi zinatheka kaamba koti ngakhale zomera zolandira Bt mbali imodzi zinali ndi poizoni wokwanira kupha mboziyo, ndipo si mbozi zonse zili choncho.

Apa ndiyenera kunena mosapsatira kuti si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala mlimi. Mbewu zina zinagulitsidwa zilibe mphamvu yokwanira pa tizilombo timene zinkayenera kupha. Ku South Africa chimanga cha Bt chinayamba kulimidwa mu 1998, chokhala ndi puloteni ya Cry1Ab imene inasankhidwa poganizira mbozi ya ku Ulaya ndi America. Kapuchi wa ku Africa, Busseola fusca, ndi wolimbirapo. Pofika 2007 zinalembedwa kuti wapima m'minda yothirira, ndipo kafukufuku wapambuyo pake anasonyeza kuti kwa iye kulandira jini kwa kholo limodzi n'kokwanira kuti apulumuke. Zikatero mizere ya mbewu wamba imathandiza pang'ono chabe, ndipo alimi ambiri m'zaka zoyambirira sankaibzala n'komwe. Ku Iowa, m'dziko la America, kuli kachikumbu kamene mphutsi zake zimadya mizu ya chimanga. Chimanga cha puloteni ya Cry3Bb1 chinatuluka mu 2003 chisanakwanitse muyezo wa poizoni wochuluka uja, ndipo mu 2009 katswiri wa tizilombo Aaron Gassmann anapeza mphutsi zosafa m'minda imene munabzalidwa chimanga chomwecho zaka zitatu kapena kuposa motsatizana. Kasinthasintha wa mbewu akanathetsa zambiri, poti mphutsizi zikaswa m'munda wa soya zimafa ndi njala. Ntchemberezandonda, imene inafika ku Africa mu 2016 kuchokera ku America, inali itagonjetsa kale puloteni ya Cry1F ku Puerto Rico mu 2006, patangotha zaka zitatu, ndipo kenako inachita chimodzimodzi ku Brazil. Kumalo otentha otere chimanga chimalimidwa chaka chonse ndipo mbozi sizipuma.

Tabashnik ndi mnzake Yves Carrière akhala akuwerengera nkhani zotere padziko lonse, zimene kupima kunafika poti mbewu yalephera m'munda. Zinali 3 mu 2005, 16 mu 2016, ndipo 26 mu 2020. Chiwerengerocho chikukwera, ndipo wogulitsa mbewu wokuuzani kuti mbozi sizidzaidya mpaka kalekale akukunamizani.

Nanga phindu lili pati? Lilipo, ndipo si laling'ono. Mbozi yoboola mapesi a chimanga ya ku Ulaya, Ostrinia nubilalis, imene inali mdani wamkulu wa alimi a ku America, inakhala ikufa ndi Bt kwa zaka zoposa 20, ndipo kulephera koyamba kunaoneka ku Nova Scotia m'dziko la Canada mu 2018. Inachepa kwambiri moti ngakhale alimi osabzala Bt anapindula. Kafukufuku wa William Hutchison ndi anzake wa mu 2010 anapeza kuti m'zigawo zisanu za ku America phindu la zaka 14 linali pafupifupi madola 6.9 biliyoni, ndipo madola 4.3 biliyoni mwa amenewa anapita ku minda ya chimanga wamba, imene eni ake sanalipire mtengo wokwera wa mbewu. Kumpoto kwa China, alimi a thonje atachepetsa kupopera, akangaude ndi tizikumbu todya nsabwe za m'masamba tinachuluka. Koma walira mvula walira matope: kumeneko komweko tizilombo toyamwa totchedwa mirid, timene kale tinkafera limodzi ndi mbozi popopera, tinachulukanso n'kukhala vuto latsopano. Bt wa m'thonje limenelo sapha tizilombo toyamwa.

Dziko limene ndimaliona kuti linachita mwanzeru ndi Australia. Pamene thonje lawo linali ndi puloteni imodzi yokha, analamula kuti lisapitirire 30 peresenti ya malo onse olimapo thonje. Anaika nthawi yobzalira, analamula kubzala mbewu zothawirako mbozi monga nandolo, komanso kugawula nthaka mukatha kukolola kuti zikwa zobisala pansi ziphwanyike. Mbozi yawo, Helicoverpa armigera, inali itagonjetsa kale mankhwala opopera amitundu ingapo, koma thonje la Bt likugwirabe ntchito kumeneko.

Mudzamva ogulitsa akunena kuti mbewu yatsopano ili ndi mapuloteni awiri kapena atatu, choncho nkhawa palibe. Nzeru yake ndi yabwino: mbozi yosamva poizoni woyamba ifa ndi wachiwiri, ndipo yobadwa yosamva onse awiri ndi yosowa kwambiri. Koma izi zimatheka ngati mapuloteni onsewo akuphabe mboziyo pa nthawi imene mbewu ikutuluka. Ku India, Cry1Ac atalephera, Bollgard II anatsala ndi puloteni imodzi yogwira ntchito, Cry2Ab, ngakhale pa paketi panalembedwa awiri. Mapuloteni ena ndi apachibale kwambiri moti mbozi ikagonjetsa mmodzi yagonjetsanso theka la mnzake. Funso loyenera kufunsa si loti mapuloteni ndi angati, koma loti ndi angati amene akuphabe mbozi ya m'dera lanu.

Mbewu za GMO zopirira mankhwala opha udzu ndi nkhani ina, koma matenda ake ndi omwewo. Alimi a ku America atadalira glyphosate yekha chaka ndi chaka, mtundu wina wa bonongwe wam'tchire unapezeka ku Georgia cha m'ma 2005 usakufanso naye.

Tsono inu mungachite chiyani? Mizere ya mbewu wamba ibzaleni, pa mlingo umene walembedwa pa paketi, chifukwa umasiyana malinga ndi mbewu ndi dziko. Ku South Africa, mwachitsanzo, mlimi wa chimanga amasankha pakati pa 5 peresenti yosapopera ndi 20 peresenti yololedwa kupopera. Ikhale mbewu yocha nthawi yofanana ndi ya Bt, yobzalidwa tsiku lomwelo, yopatsidwa feteleza ndi kupaliridwa chimodzimodzi. Alimi ena amaitaya kumalo oguga n'kuiiwala, koma gulugufe saikira mazira pa mbewu yonyentchera, ndipo agulugufe ake akatuluka mochedwa ndi masabata awiri sakumana ndi olimba aja. Musaipopere mankhwala a Bt. Makampani ena tsopano amasakaniziratu mbewu wamba pang'ono m'thumba lomwelo kuti mlimi asathe kuisiya. Njirayi imathetsa vuto la kusatsatira, koma ili ndi pofooka pake: mbozi zoyenda kuchoka pa chomera china kupita pa china, monga ntchemberezandonda, zimatha kukulira pa mbewu wamba kenako n'kusamukira pa ya Bt zitalimba, ndipo mungu wa chimanga ukasakanikirana chisononkho chimodzi chimakhala ndi njere zina zapoizoni zina zopanda.

Mbewu yogula kwa anthu osadziwika ipeweni. Yachinyengo nthawi zambiri imakhala ndi poizoni wochepa, wopha zofooka zokha n'kusiya zolandira jini mbali imodzi, ndipo palibe njira yachidule yolerera mbozi zolimba kuposa imeneyo. Thonje mukatha kuthyola zulani mapesi n'kuwawononga pa nthawi yake kuti pakhale miyezi imene mbozi zilibe chakudya. Sinthani mbewu m'munda. Ndipo kambiranani ndi alimi oyandikana nanu, chifukwa gulugufe sadziwa malire a munda. Inu nokha mukasunga mizere yanu anzanu onse ataisiya, mbozi zolimba zochokera kwa iwo zidzakupezanibe. Ichi n'chifukwa chake ndimaona kuti boma ndi makampani sayenera kungosindikiza lamulo pa paketi n'kusiyira mlimi mmodzimmodzi. Amene akupeza phindu pogulitsa mbewu ayenera kulipiranso ntchito yoyeza mbozi chaka chilichonse ndi kulengeza poyera zimene apeza.

Mukaona mbewu yanu ya Bt yadyedwa, musathamangire kunena kuti mbozi zapima. Yang'anani kaye chimene chadya. Nsabwe za m'masamba ndi ntchentche zoyera sizikhudzidwa ndi Bt, ndipo puloteni yopha mbozi yamtundu wina ikhoza kungodwalitsa yamtundu wina. Timabowo ting'onoting'ono pa tsamba si vuto, poti mbozi iyenera kuluma kaye kuti ife. Thonje likamakalamba kapena likakhala pa chilala, poizoni wake amachepa, ndipo mbozi zina zimapulumuka kumapeto kwa nyengo popanda kusintha chibadwa. Chomera chodyedwacho chikhozanso kukhala chimodzi mwa za mbewu wamba zosakanizidwa m'thumba, ndipo alangizi ena amakhala ndi timapepala toyezera madzi a tsamba tosonyeza ngati puloteniyo ilimo. Chodetsa nkhawa ndi kupeza mbozi zikuluzikulu, zonenepa, pa zomera zambiri zimene zatsimikizika kuti ndi za Bt, pakati pa nyengo. Mukaona zotere tolani mbozi zamoyo zingapo pamodzi ndi masamba ake m'chigubu chobooledwa timabowo, lembani tsiku ndi dzina la mbewu, sungani paketi yake, n'kupita nazo kwa mlangizi. Kulabotale amazilera, n'kudyetsa ana ake poizoni wa milingo yosiyanasiyana poyerekeza ndi mbozi zimene sizinakumanepo ndi Bt, ndipo zotsatira zimatenga masabata angapo. Podikira, poperani munda umenewo mankhwala amtundu wina osati a Bt kuti zimene zapulumukazo zisafike posanduka agulugufe.